Funsani Aphunzitsi: Kuyambira pa Njinga Mpaka M'kati mwa Atomu

Makalata a mwezi uno ambiri ndi okhudza fizikisi, ndipo achokera kwa ophunzira a ku sekondale, kwa mphunzitsi mmodzi ndi kwa makolo awiri. Ndawasanja kuyambira pa zinthu zimene dzanja limagwira mpaka pa zimene diso silingazione, ndipo ena ndawafupikitsa chifukwa cha kuchepa kwa malo.

Aphunzitsi athu anatiuza kuti chinthu chikayamba kuyenda chimapitirizabe kuyenda pachokha. Ine ndimapalasa njinga tsiku lililonse popita kusukulu, ndipo ndikangoleka kupalasa njingayo imaima. Kodi lamulo limeneli ndi la m'mabuku mokha? — Mtsikana wa Fomu 3, Dedza

Musachite manyazi ndi funso limeneli, pakuti zimene maso anu akuona ndi zomwezo zimene Aristotle, wanzeru wa ku Greece, anaphunzitsa, ndipo anthu ophunzira anazikhulupirira kwa zaka pafupifupi 2,000. Amene anazitsutsa poyesa ndi manja ake anali Galileo Galilei wa ku Italy, yemwe anabadwa mu 1564 n'kumwalira mu 1642. Iye ankagubuduza timipira pa thabwa lopendekeka, ndipo popeza mawotchi olondola kunalibe, nthawi ankaiyeza ndi kulemera kwa madzi amene adonthera m'chikho. Ntchito imeneyi inamufikitsa pa ganizo lakuti kampira kogubuduzika pamalo athyathyathya kamaima chifukwa cha zinthu zimene zikukagwira, ndipo zinthuzo zitachotsedwa zonse sikangaime.

Mawa m'mawa yesani nokha. Mukafika pa liwiro lanu la masiku onse pamsewu wa tala wopanda chitunda, lekani kupalasa ndipo muone pamene njinga ikaimire. Kenako chitani chimodzimodzi pamsewu wa mchenga, ndipo tsiku lina mudzayese matayala ali ophwa pang'ono. Njinga ndi yomweyo, wokwera ndi yemweyo, koma mtunda umene ikuyenda yokha ukusintha, zomwe zikusonyeza kuti choimitsa njingayo ndi kukhulana kwa tayala ndi nthaka, kukhulana kwa zitsulo za m'magudumu ndiponso mpweya umene mukuwombana nawo. Kumene zinthu zimenezi kulibe, lamulo lija limaoneka poyera. Chombo cha Voyager 1 chimene chinachoka padziko mu 1977 chikuyendabe mpaka lero pa liwiro la makilomita pafupifupi 17 pa sekondi, popanda injini yochikankha kuti chipitirire.

Isaac Newton wa ku England ndiye analemba ganizoli ngati lamulo loyamba mwa malamulo ake 3 a kayendedwe ka zinthu, m'buku la Principia la mu 1687. Thupi lanu limalidziwa kale lamuloli: dalaivala wa minibasi akaponda mabuleki mwadzidzidzi, nonse mumagwera kutsogolo popanda wokukankhani, chifukwa mabuleki aimitsa galimoto yokha pamene matupi anu akupitirizabe ulendo. Lamulo lachiwiri mukalifunse kwa wakabaza aliyense. Adzakuuzani kuti kunyamuka ndi matumba awiri a chimanga kumafuna mwendo wamphamvu kuposa kunyamuka ndi thumba limodzi, ndiponso kuti katundu wolemerayo amavutanso kumuimitsa pamtsetse. F = ma (mphamvu yokankha ikufanana ndi kulemera kwa chinthu kuchulukitsa ndi kusintha kwa liwiro lake) imene mukuloweza ija ikungonena zimenezi mwachidule. Lachitatu lili m'manja mwa msodzi, amene nkhafi yake imakankhira madzi kumbuyo, madziwo n'kukankhira bwato kutsogolo.

Mpweya umene umaimitsa njinga uja ndi umenenso umatinamiza kuti chinthu cholemera chimagwa msanga kuposa chopepuka. Mu 1971 David Scott wa pa ulendo wa Apollo 15 anaima pamwezi, pomwe palibe mpweya, nataya nyundo ndi nthenga pa nthawi imodzi, ndipo zinafika pansi limodzi.

Funso lanuli landikumbutsa kulakwa kwanga. M'zaka zanga zoyambirira za uphunzitsi, mnyamata wina anandifunsa chimodzimodzi, ine n'kumuyankha kuti angoloweza lamulolo chifukwa mayeso anali pafupi. Njinga yake inali itatsamira pamtengo panja pa kalasi pomwepo, koma sindinaganize zotuluka naye kuti tikayese. Mpaka lero zimandipweteka mumtima.

Ndikamafotokoza m'Chichewa kuti ophunzira anga amve bwino, force, energy ndi power zonse ndimapezeka ndikuzitcha mphamvu, ndipo anawo amazisakaniza pa mayeso. Ndithandizeni. — Mphunzitsi wa pa sekondale yoyendera, Mchinji

Aphunzitsi anzanga, vuto limeneli si la Chichewa chokha, chifukwa ngakhale m'Chingerezi mawu amenewa akatswiri ankawasakaniza mpaka m'zaka za m'ma 1800, pamene anthu ngati James Joule anayeza mosamala mmene ntchito imasandukira kutentha. Musaleke kufotokoza m'chinenero chimene anawo amaganizira. Chimene chinandithandiza ine n'kutenga ndowa imodzi ya madzi ndi kuifunsa mafunso atatu.

Ndowa ya malita 20 imakhala ndi madzi olemera makilogalamu 20. Funso loyamba n'lakuti, kodi dziko likuikoka motani? Yankho lake ndi 20 kuchulukitsa ndi 9.8 (mphamvu imene dziko limakokera kilogalamu iliyonse), omwe ndi manyutoni 196, ndipo imeneyo ndiye force, mphamvu yokoka kapena yokankha, imene nthawi zonse imaloza kwinakwake. Funso lachiwiri n'lakuti, kodi mayi amene wakwera nayo ndowayo chitunda chotalika mamita 10 wagwira ntchito yochuluka bwanji pa madziwo? Ndi 196 kuchulukitsa ndi 10, omwe ndi majulu 1,960, ndipo imeneyo ndiye energy, imene ine ndimaitcha mphamvu yosungika, chifukwa tsopano ili m'madzi aja ndipo mutawakhuthulira pansi angathe kuzunguza kagudumu. Funso lachitatu n'lakuti, kodi ntchitoyo yagwiridwa mofulumira bwanji? Mayi akakwera m'masekondi 20, ndiye kuti watulutsa mawati 98, pamene mwana amene watenga masekondi 100 watulutsa osakwana 20, ngakhale kuti ntchito imene onse awiri agwira pa ndowayo ndi yofanana. Imeneyo ndiye power.

Ana akagwira zimenezi, auzeni kuti yuniti imodzi ya magetsi imene makolo awo amagula ndi majulu 3,600,000, kutanthauza kukwera chitunda chija ndi ndowa maulendo opitirira 1,800. Kalasi imakhala chete ikamva zimenezi. Mukatero mwawatsegulira njira yomvetsa zimene zimachitika ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira pa mtsinje wa Shire, komwe madzi otsika kuchokera pamwamba amazunguza makina, makinawo n'kuzunguza maginito pafupi ndi mawaya opiringizidwa. Njira imeneyi yopukusira magetsi anaitulukira ndi Michael Faraday ku London mu 1831. Palibe mphamvu imene imalengedwa kumeneko. Imangosintha maonekedwe kuchokera m'madzi kupita m'mawaya, ndipo madziwo anawakweza kumapiri ndi dzuwa.

N'chifukwa chiyani timayamba taona kung'anima kwa mphezi, kugunda kwake n'kumveka pambuyo? — Agogo a ku Thyolo, kudzera mwa mdzukulu wawo

Agogo, ziwirizi zimachitika nthawi imodzi, koma pobwera kwa inu zimasiyana miyendo. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, pamene phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 okha. Mukaona kung'anima, yambani kuwerenga masekondi mpaka bingu ligunde, ndipo masekondi 3 alionse akuimira kilomita imodzi. Ngati kugundako kwamveka musanawerenge patali, itanani adzukulu alowe m'nyumba ndipo asabisale pansi pa mtengo.

Ndinawerenga kuti Albert Einstein anasonyeza kuti Newton analakwitsa. Nanga bwanji tikuvutikabe ndi malamulo a Newton pa mayeso a MSCE? — Mnyamata wa Fomu 4, Kasungu

Amene analemba zimenezo anafupikitsa nkhani mopitirira muyezo. Malamulo a Newton ndi olondola kwambiri moti mu 1846 katswiri wa masamu wa ku France, Urbain Le Verrier, anawagwiritsa ntchito powerengera malo amene pulaneti yosadziwika inayenera kukhala, ndipo akatswiri a ku Berlin atalozetsa makina awo oonera kutali pamalopo anapezadi Neptune. Koma Le Verrier yemweyo anaonanso kuti njira ya Mercury, pulaneti yoyandikana kwambiri ndi dzuwa, inkasuntha pang'ono kupitirira mmene masamu a Newton ankanenera. Kusiyanako kunali kochepetsetsa, komabe akatswiri sanakubise, ndipo kunakhala kopanda yankho kwa zaka zoposa 50.

Mu 1905 Einstein, ali ndi zaka 26 ndiponso akugwira ntchito mu ofesi ya boma ku Bern m'dziko la Switzerland, anayambira pa mfundo yakuti liwiro la kuwala limapezeka lofanana kwa aliyense woliyeza, kaya waima kaya akuthamanga. Mfundo imeneyi ikakhala yoona, ndiye kuti nthawi siyenda mofanana kwa onse, ndipo wotchi imene ikuyenda mothamanga imatsalira poiyerekeza ndi imene yaima. Mu 1915 anawonjezera kuti zinthu zolemera ngati dzuwa zimapinda mlengalenga ndi nthawi zozizungulira, ndipo masamu ake atsopanowo anafotokoza kusuntha kwa Mercury ndendende. Pa 29 May 1919 kunachitika kadamsana, ndipo gulu la Arthur Eddington pa chilumba cha Príncipe kumadzulo kwa Africa, pamodzi ndi gulu lina ku Sobral m'dziko la Brazil, linajambula nyenyezi zooneka pafupi ndi dzuwa n'kupeza kuti kuwala kwake kunapindikadi.

Zimenezi zili m'foni imene mwina mukuwerengerapo magazini ino. Masetilaiti a GPS ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo mawotchi ake amatsogola ndi magawo 38 mwa magawo 1,000,000 a sekondi tsiku lililonse poyerekeza ndi athu. Akatswiri akanapanda kukonzeratu zimenezi, mapu a m'foni bwenzi akusochera ndi makilomita pafupifupi 10 pa tsiku. Koma pa liwiro la minibasi, ngakhale la ndege, mayankho a Einstein ndi a Newton amafanana moti kusiyana kwake kulibe ntchito kwa womanga mlatho kapena wokonza mabuleki. Choncho limbikirani Newton, mwanawe, pakuti masamu a Einstein simungawalowe musanadutse pakhomo limeneli.

Ndikufuna kudzaphunzira fizikisi ku yunivesite, koma ndikamva za quantum mechanics ndimachita mantha. Akuti ngakhale akatswiri saimvetsa. Kodi kwenikweni ndi chiyani? — Wophunzira wa ku Zomba

Tiyeni tiyambire kwa mmisiri wosula makasu. Chitsulo chikalowa m'moto chimayamba kufiira, kenako chimakhala chachikasu, ndipo moto ukakula kwambiri chimayera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 akatswiri anayeza mosamala mitundu ya kuwala kochokera ku zinthu zotentha, koma fizikisi ya nthawiyo inkalephera kufotokoza zimene ankapezazo. Mu December 1900 Max Planck wa ku Berlin anapeza kuti masamu amagwirizana ndi miyezo ngati tivomereza kuti mphamvu imatuluka m'timagawo tathunthu, monga mmene mazira amagulitsidwira limodzi, awiri, atatu, osati ngati mafuta ophikira amene wogulitsa angathire mlingo uliwonse. Kagawo kameneko ndi kamene kamatchedwa quantum. Planck mwiniwake sanakondwere nalo ganizoli, ndipo anakhala zaka zambiri akufunafuna njira yolizembera.

Einstein analipititsa patsogolo mu 1905. Zinkadziwika kale kuti kuwala kukagwa pa zitsulo zina kumathothola maelekitironi, tizinthu tochepetsetsa ta mu atomu tonyamula magetsi, koma chodabwitsa chinali chakuti kuwala kofiira, ngakhale kukhale kowala motani, sikunkathothola kalikonse pa zitsulo zambiri, pamene kuwala kwa ultraviolet, kosaoneka ndi maso, ngakhale kochepa kunkathothola nthawi yomweyo. Ganizirani mwana amene akufuna kugwetsa bango mumtengo wa mango. Angathe kuponya mchenga wodzaza manja maulendo 100 koma bangolo osagwa, pamene mwala umodzi woyenera umaligwetsa. Einstein anati kuwala kumabwera m'timibulu, timene lero timatchedwa mafotoni, ndipo mphamvu ya kambulu kalikonse imadalira mtundu wa kuwalako. Mphoto yake ya Nobel ya chaka cha 1921 inatchula makamaka ntchito imeneyi. Panelo ya sola imene ili pamwamba pa denga la udzu kumudzi imagwira ntchito pa mfundo yapachibale ndi imeneyi: fotoni yokhala ndi mphamvu yokwanira imamasula elekitironi m'kati mwa silikoni, elekitironiyo n'kuyenda m'waya kukadzaza batire. Zimachitikanso chimodzimodzi pa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Salima, amene anatsegulidwa mu 2021.

Tsopano tilowe mu atomu. Maatomu ndi aang'ono moti pafupifupi 10,000,000 atandandalikidwa pamzera angakwane milimita imodzi yokha. Mu 1911 Ernest Rutherford anasonyeza kuti pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli m'kachinthu kakang'ono ka pakati, moti atomu itakula ngati bwalo la mpira, kachinthuko kangakhale ngati njere ya mawere pakati pa bwalolo. Mu 1913 Niels Bohr wa ku Denmark anati elekitironi ya mu atomu imakhala pa milingo yoikika ya mphamvu, ngati munthu wokwera makwerero amene sangaime pakati pa masitepe awiri, ndipo ikatsika sitepe imatulutsa fotoni ya mtundu umodzi wodziwika. Madzulo ano wazani mchere pang'ono pa lawi la mbaula ndipo muone chikasu chowala chimene chitulukepo. Amenewo ndi maelekitironi a sodium, chinthu chopezeka mu mchere, akutsika sitepe yawo, ndipo kulikonse m'chilengedwe kumene kuli sodium chikasu chake n'chomwecho. N'chifukwa chake akatswiri amadziwa zimene zili m'nyenyezi popanda kupitako.

Chimene chimazunguza mutu chinabwera pambuyo pake. Mu 1924 Louis de Broglie wa ku France anati ngati kuwala, kumene kunkadziwika kuti ndi mafunde, kumachitanso ngati timibulu, ndiye kuti elekitironi nayonso iyenera kuchita ngati funde, ndipo mu 1927 zoyesa zinatsimikiza zimenezi. Pali nkhani ya banja limodzi imene imandigwira mtima: J. J. Thomson analandira Nobel mu 1906 pa ntchito imene inaulula elekitironi ngati kambulu, ndipo mwana wake George analandira Nobel mu 1937 posonyeza kuti elekitironi yomweyo imachita ngati funde. Onse awiri ananena zoona.

Mukaponya miyala iwiri padziwe, mafunde ake amakumana, pena n'kukwezana, pena n'kufafanizana. Maelekitironi akawomberedwa pa chotchinga cha timipata tiwiri amasiya kuseri kwake mizere yofanana ndi ya mafunde okumanawo. Mu 1989 gulu la Akira Tonomura ku Japan linachita zoyesa za mtundu umenewu potumiza elekitironi imodzi imodzi. Iliyonse inkafika ngati kadontho kamodzi pamalo osayembekezeka, koma timadonthoto titachuluka mizere ija inaoneka. Ndiyeno mukaika chipangizo chodziwira kampata kamene elekitironi yadzera, mizereyo imasowa. Masamu a Werner Heisenberg a mu 1925 ndi a Erwin Schrödinger a mu 1926 amanena molondola kwambiri mwayi wakuti elekitironi ipezeke pamalo akutiakuti, koma sanena kuti imodziyo ikagwera pati. Mu 1927 Heisenberg anawonjezera kuti malo ndi liwiro la kachinthu kotere sizingadziwike zonse pamodzi molondola kotheratu, ndipo zimenezi sizichokera pa kuperewera kwa zipangizo zathu.

Apa ndi pamene mawu akuti akatswiri saimvetsa amachokera. Amatsutsana pa tanthauzo la masamuwo, ndipo Einstein anamwalira mu 1955 asanakhutire ndi ganizo lakuti chilengedwe chimayendera mwayi. Pa kagwiritsidwe ntchito ka masamuwo palibe mkangano, chifukwa ndi amene anabala transistor, kachipangizo kowongolera kayendedwe ka magetsi, mu 1947, imene lero ili m'foni ndi m'kompyuta iliyonse, komanso mababu a LED amene achepetsa ndalama za magetsi m'nyumba zathu. Kuti mukonzekere, gwirani zolimba masamu a aljebra ndi trigonometry, ndipo mutu wa mafunde musauthamangire. Tengani chingwe, mumangirire mbali imodzi kumtengo, muchigwedeze mpaka muone kuti chimapanga mapindi 1, 2 kapena 3 athunthu osati theka lake lililonse. Chithunzi chimenecho mudzakumana nacho m'chaka chanu chachiwiri kapena chachitatu mukamadzawerengera milingo ya mphamvu ya mu atomu.

Kuno kwabwera anthu ndi kamakina kamene akuti n'ka quantum. Munthu amagwira kachitsulo kwa mphindi imodzi, kompyuta n'kutulutsa matenda onse a m'thupi, kenako amakugulitsa mankhwala. Amayi anga amene amadwala BP akufuna kupitako. Ndiwalole? — Mayi wa ku Lilongwe

Mayi, ndikupemphani ndi mtima wonse kuti muwaletse, ndipo koposa zonse asasiye mankhwala amene analandira kuchipatala. Mawu akuti quantum akhala nyambo yokolera anthu chifukwa chakuti ndi achilendo ndipo amamveka apamwamba. Zilipodi zipangizo za chipatala zimene zimadalira fizikisi imeneyi, monga makina a MRI, koma amenewo ali ndi maginito akuluakulu olemera matani, amakhala m'chipinda chawochawo, ndipo zithunzi zake amazimasulira ndi dokotala amene anaphunzira ntchitoyo kwa zaka. Mu fizikisi yonse imene ndafotokoza pamwambapa mulibe njira imene kachitsulo kogwira m'manja kangadziwire za impso, chiwindi ndi magazi pa mphindi imodzi. Ngakhale malungo amene tinawazolowera amafuna dontho la magazi kuti apezeke.

Ogulitsa ena amanenanso kuti sayansi inatsimikiza kuti maganizo a munthu amasintha zinthu, potengera nkhani ya timipata tiwiri ija. Kumeneko n'kupotoza. Chimene chimasowetsa mizere ija ndi kukhudzana kwa elekitironi ndi chipangizo choyezera, kaya pali munthu woyang'ana kaya m'chipindamo mulibe aliyense.

Ngati amayi anu sakukhutira ndi mawu anga, pemphani eni makinawo kuti ayeze munthu mmodzi kawiri motsatizana, ulendo wachiwiri polemba dzina ndi zaka zina, kenako akulunge kachitsuloko m'kansalu konyowa popanda wokagwira, ndipo muyerekezere mapepala atatuwo amayi anu akuona. Akakana kuyesa koteroko, tengani amayiwo mupite nawo kuchipatala chapafupi akayezedwe BP pamkono, ndipo musaiwale kabuku kawo ka kuchipatala kuti adokotala akaone manambala a miyezi yapitayi.